Kuphunzitsa galu kudekha pagulu: kuchokera pakhonde mpaka pamlatho wa Mangochi

Agalu ambiri kuno ku Mangochi amadziwa malo awiri okha: patsinde pa mtengo pamene amamangidwa masana, ndi pabwalo pamene amalondera usiku. Ndiye limafika tsiku lopita kukabayitsa katemera. Kungotuluka pageti, njinga yamoto ya kabaza yadutsa, ana ayamba kukuwa, mbuzi yabalalika, ndipo galu uja mutu wasokonekera. Wina amakoka chingwe mpaka kutsokomola, wina amangodzigwetsa pansi kukana kuyenda, wina amalumphira aliyense wodutsa. Anthu amangoti galuyu ndi wolusa, kapena ndi wopusa. Kawirikawiri si zimenezo ayi. Ndi mantha, chifukwa zinthu zonsezi zamugwera tsiku limodzi popanda womukonzekeretsa.

Kudekha kumaphunzitsidwa, ndipo chida chachikulu pa ntchitoyi si ndodo kapena kukalipa. Ndi mtunda. Galu aliyense ali ndi malire ake: akaima patali ndithu ndi chinthu chomuopsa kapena chomukopa, amachiona koma nzeru zake zimakhala zilipo, amamva dzina lake, amadya. Mukamuyandikitsa kupitirira malirewo, makutu amatsekeka ndipo palibe chimene angaphunzire. Ntchito yanu yonse ndi kupeza malire amenewo n'kumawasendeza pang'onopang'ono.

Musanatuluke pageti

Yambani ndi katemera wa chiwewe. Galu wosabayidwa asapite pagulu, ngakhale akhale wofatsa chotani. Mwana wagalu amalandira katemerayu akakwanitsa miyezi itatu, ndipo ndi bwino kubwereza chaka chilichonse. Nkhani ya chiwewe imamveka kwambiri pa 28 Sepitembala, tsiku limene dziko lonse limakumbukira matendawa, koma musadikire tsikulo. Pitani kwa alangizi a ziweto, ndipo kapepala kamene angakupatseni mukasunge bwino. Funsaninso za katemera wa parvo, matenda otsegula m'mimba mwa magazi amene amapha tiagalu tambiri. Ameneyu amayambika kagalu kali ndi milungu 6 mpaka 8.

Ngati muli ndi kagalu kakang'ono, muli ndi mwayi. Kuyambira milungu itatu kufika pafupifupi miyezi itatu, kagalu kamalandira zachilendo mosavuta kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wake. Popeza katemera amakhala asanathe, musakaike pansi pamene pamadutsa agalu ena. Kanyamuleni m'manja kapena m'basiketi, mukhale nako m'mbali mwa msewu kwa mphindi zochepa, kaone njinga, kamve hutala, kenako bwererani. Galu wamkulu nayenso amaphunzira, kungoti amatenga nthawi yotalikirapo.

Pakhosi mumveke lamba wachikopa kapena wansalu yolimba, womanga mwakuti zala zanu ziwiri zilowe pakati pa lamba ndi khosi. Waya ndi unyolo wothina ayi. Galu akamva ululu pakhosi nthawi yomwe akuona mwana kapena njinga, iye amaganiza kuti mwanayo ndi amene wabweretsa ululuwo, ndipo mawa adzamuda kwambiri. Chingwe chikhale cha mamita awiri. Cha nayiloni chimene amagwiritsa ntchito asodzi chimatheka, bola chikhale chonenepa, chifukwa chopyapyala chimacheka m'manja galu akakoka mwadzidzidzi.

Kenako mphotho. Pa ichi ife a kunyanja sitivutika: usipa wouma, kuudula pawiri kapena patatu, n'kuika m'kathumba m'thumba la malaya. Nsima yotsala imagwira ntchito pakhomo, koma kumsewu siingapikisane ndi fungo la kanyenya. Pa malo ovuta kwambiri sungani tizidutswa ta chiwindi chophika. Minga ya chambo ndi mafupa a nkhuku ophika musamupatse, amabaya m'kamwa ndi m'matumbo. Phunzitsani galu asanadye chakudya chake cha tsikulo, koma osati kumugoneka ndi njala kuti amvere.

Pakhonde: mawu ochepa, omveka

Sankhani liwu limodzi lalifupi lomuuza kuti wachita bwino. Ine ndimakonda "Eya". Khalani pakhonde nthawi yabata, nenani "Eya", mupatseni kausipa. Dikirani pang'ono, bwerezani. Chitani zimenezi kangapo patsiku mpaka muone kuti akangomva liwulo akutembenuka kuyang'ana dzanja lanu. Ndi zomwe anaona Ivan Pavlov wa ku Russia zaka zoposa 100 zapitazo, kuti galu amalumikiza phokoso ndi chakudya chimene chimabwera pambuyo pake. Chofunika kwambiri ndi nthawi. Galu amalumikiza mphotho ndi chimene wachita m'sekondi imodzi kapena ziwiri zapitazo. Mukachedwa kupisa m'thumba, iye n'kuimirira, ndiye kuti mwamulipira chifukwa choimirira. "Eya" amakuthandizani kuloza mphindi yeniyeni imene wachita bwino, usipa n'kubwera pambuyo.

Tsopano muphunzitseni kukuyang'anani. Tchulani dzina lake kamodzi kokha. Akangokweza maso kukuyang'anani kumaso, "Eya", usipa. Akapanda kutembenuka musabwereze dzinalo kasanu, chifukwa limasanduka phokoso wamba. Imbani kamluzu kapena sunthani pang'ono, akacheuka mulipireni. Pa zonse zimene mudzamuphunzitse, ichi ndiye chachikulu. Galu amene wazolowera kucheukira mwini wake akakumana ndi chachilendo, theka la ntchito latha. Ndipo pakhomo ponse mugwirizane kuti dzina la galu lisamatchulidwe pomukalipira kapena pomuitanira kuti adzamenyedwe.

"Khala" savuta. Ikani usipa pafupi ndi mphuno yake, kwezani dzanja pang'ono kulowera kumbuyo kwa mutu wake, ndipo matako adzatsika okha. Musamukanikize msana. "Siya" amaphunzitsidwa ndi manja awiri: fumbatani usipa m'dzanja limodzi, galu anunkhize, anyambite, akande. Inu duu. Akangochotsa mphuno, "Eya", n'kumupatsa wa m'dzanja linalo. Akazolowera, ikani usipa pansi n'kuuphimba ndi phazi, kenako muusiye poyera. Liwu limeneli lidzamupulumutsa tsiku lina ku nyama yothiridwa poizoni, ndipo lidzakupulumutsani inu ku mlandu wa nsomba za eni.

Kuyenda ndi chingwe cholendewera kumafuna kuleza mtima. Yambani pabwalo. Galu akakhala pambali panu chingwe chili lende, mulipireni pafupi ndi bondo lanu, mbali imene mukufuna kuti aziyenda. Akakoka, imani. Osamukoka, osalankhula. Akabwerera kapena kungocheuka chingwe n'kukhwepa, nenani "Tiye" n'kupitiriza. Masiku oyamba mudzaima kambirimbiri pa mtunda waufupi, ndipo anthu apakhomo adzadabwa nanu. Pitirizani. Mukalola kamodzi kuti akukokereni kumene akufuna, waphunzira kuti kukoka kumapindula.

Chotsiriza cha pakhomo ndi chiguduli. Pezani saka lakale kapena kansalu kokhuthala koti muzitha kupinda n'kunyamula. Yalani pansi. Galu akapondapo, mulipireni pamwamba pa sakalo. Akakhalapo, mulipireni. Akagonapo, mupatseni tiusipa titatu motsatizana, pakati pa miyendo yake yakutsogolo. Kenako yambani kutalikitsa nthawi pakati pa mphotho ndi inzake: masekondi awiri, asanu, khumi, theka la mphindi. Mukamaliza nenani "Basi" n'kupinda saka. Pakapita nthawi galu amadziwa kuti saka likayalidwa ndi nthawi yopuma, ndipo mudzatha kuliyala paliponse, pamthunzi pafupi ndi golosale kapena podikira katemera. Limamutetezanso ku dothi lotentha.

Phunziro lililonse la pakhomo lisapitirire mphindi zisanu, kawiri kapena katatu patsiku. Siyani galu akadali ndi chidwi.

Phunzirani kumuwerenga

Musanapite kunja, dziwani mmene galu amanenera kuti zamukulira. Amayamba ndi zizindikiro zazing'ono: kunyambita milomo pomwe palibe chakudya, kuyasamula pomwe alibe tulo, kutembenuzira mutu kumbali, makutu kugonera kumbuyo, mchira kulowa pakati pa miyendo. Wina thupi limauma gwa, pakamwa kutsekeka, maso kuti tong'o pa chinthu chimodzi. Mchira wogwedezeka sutanthauza chimwemwe nthawi zonse. Ukaima m'mwamba n'kumagwedezeka mofulumira thupi lili louma, galuyo ali pafupi kulumpha.

Koma muyeso wosavuta kuposa yonse uli m'thumba mwanu. Galu amene pakhonde amathamangira usipa, akaukana kumsewu, kapena akautsomphola mwaukali mpaka kukukandani zala, ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Bwererani m'mbuyo mapazi khumi kapena makumi awiri, muyesenso. Pamene wayambiranso kudya mofatsa, pamenepo ndiye pa sukulu yanu lero.

Galu akamalira chapakhosi n'kuonetsa mano, musamumenye. Kumeneko ndi kuchenjeza. Mukamulanga chifukwa chochenjeza, mantha ake samachoka, chimachoka ndi chenjezolo, ndipo mumatsala ndi galu woluma mwakachetechete. Muchotseni pamalopo basi.

Kutuluka, malo ndi malo

Malo oyamba ndi pageti panu pomwe, m'mawa kwambiri anthu asanachuluke. Imani pamenepo, galu ali pachingwe, muyembekeze kuti chinthu chidutse. Masewera ake ndi awa. Njinga ya kabaza ikubwera chapatali, belu likulira. Makutu a galu aima, wayang'ana. Nthawi yomweyo, asanauwe, nenani "Eya". Iye atembenuka kufuna usipa wake, inu mumupatsa. Ayang'ananso njinga ija, "Eya", usipa. Njinga yadutsa, usipa nawonso waleka. Simukumuletsa kuyang'ana ayi, mukumuphunzitsa kuti njinga ikaoneka, kwa mwini wake kumachokera zabwino. Mukabwereza masiku angapo mudzaona chinthu chosangalatsa kwambiri: galu awona njinga, ndipo inu musanalankhule, yekha acheuka kukuyang'anani kumaso. Tsiku limenelo mupatseni chiwindi. Ndicho chizindikiro choti mungasendere patsogolo.

Kuchoka pageti, yendani m'kanjira ka m'dera lanu, kumene kuli nkhuku, mbuzi ndi ana ochepa. Mbuzi ndi mayeso aakulu, chifukwa zikathamanga galu aliyense amafuna kuthamangitsa. Yambani ndi mbuzi zomangidwa zimene zikudya chapatali, kenako zoyenda. Chingwe chisachoke m'manja. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu: galu akagwira mbuzi ya mnansi, kwa amfumu mudzakaima ndinu.

Malo achitatu ndi bwalo la mpira madzulo, anyamata akusewera. Ubwino wake ndi woti malo ndi aakulu, mungathe kuima kutali mmene mungafunire. Yalani saka pansi pa mtengo kumapeto kwenikweni, galu agone, muzimuponyera kausipa pakapita kanthawi. Phokoso likakwera chifukwa chigoli chalowa, onjezerani mphotho. Mphindi khumi zakwana.

Pambuyo pake ndiye msewu waukulu. Kaya muli kufupi ndi M3 wochokera ku Liwonde kapena M10 wopita ku Monkey Bay, pezani malo olowa m'kati pang'ono, mamita 30 kapena 50 kuchokera patala, pamene malole ndi maminibasi akuoneka koma sakumugwedeza. Tsiku lililonse sendezani pang'ono. Pano pali lamulo limodzi lofunika kuligwiritsa: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukayandikira, fupikitsani nthawi. Mukatalikitsa nthawi, musayandikire. Mukapita malo atsopano, yambirani patali ngati kuti galu sanaphunzirepo kanthu, chifukwa kwa iye "Khala" wa pakhonde ndi "Khala" wa kudepoti si chinthu chimodzi mpaka mutamuonetsa.

Mlatho wa Bakili Muluzi usiyeni ukhale wakumapeto. Pamlatho palibe kothawira: mbali ina magalimoto ndi njinga zamoto, mbali ina chitsulo ndi madzi a Shire, ndipo anthu amakudutsani mokhudzana mapewa. Yambani ndi kuima chapatali, cha kunsanja ya wotchi ya Queen Victoria, galu azingoona anthu akukwera ndi kutsika. Tsiku lina fikani poyambira mlatho, mulipireni, bwererani. Tsiku lina yendani mapazi makumi awiri n'kutembenuka. Pamene mwaganiza zowoloka kupita tsidya la ku M'baluku, sankhani m'bandakucha, galu ayende mbali yotalikirana ndi magalimoto, chingwe chifupike koma chisakungike, ndipo muzimulipira mukuyenda. Musaime pakati kuti aone madzi.

Zakumsika ndikunena mosabisa: m'kati mwenimweni, pamene amagulitsa nsomba, nyama ndi ndiwo zoyala pansi, galu asalowemo ngakhale ataphunzira bwanji. Si malo ake, ndipo ogulitsa ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Cholinga chanu chikhale choti athe kudutsa m'mbali mwa msika ndi kudepoti, anyamata oitanira akukuwa, iye osatekeseka. Kugombe nakonso chimodzimodzi. Mathandala oyanikapo usipa ndi chuma cha anthu, choncho dutsani patali ndipo "Siya" akhale atakhwima musanapiteko. M'mbali mwa Shire ndi m'mabango musamulole kulowa m'madzi kapena kumwa pamphepete, muli ng'ona.

Anthu amene mukukumana nawo

Gawo ili ndi lofunika kwambiri kuno kwathu kuposa madera ena. Anansi athu ambiri ndi Asilamu, ndipo kwa ambiri a iwo malovu a galu akakhudza thupi kapena chovala, pamafunika kutsuka munthu asanaswali, ena mpaka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Taganizani bambo wavala mkanjo wake woyera Lachisanu masana akupita kumzikiti, galu wanu n'kumununkhiza kapena kumunyambita dzanja. Inu mukhoza kunena kuti saluma, koma mwamuwonongera munthu ulendo. Choncho galu wophunzitsidwa bwino ku Mangochi si wopatsa moni aliyense. Ndi amene amadutsa anthu osawakhudza.

Muphunzitseni kupatuka. Mukaona munthu akubwera m'njira yopapatiza, tulukani m'njiramo mapazi atatu, galu akhale pansi mbali yakutali, inu muime pakati pa iye ndi wodutsayo, muzimupatsa usipa mpaka munthuyo atapitirira. Mawu aulemu amathandiza: "Dutsani bambo, ndamugwira." "Pitani amayi, musaope." Lachisanu masana pewani njira zodutsa pamzikiti.

Ana ndiwo amafuna diso lanu lonse. Ena amathawa akukuwa, zimene zimadzutsa galu kuti athamangitse. Ena amatola miyala, chifukwa ndi mmene anaphunzirira kudziteteza kwa agalu oyendayenda. Alankhuleni asanafike pafupi: "Ana inu, imani pomwepo, musathamange, tikudutsa." Wina akafuna kumugwira, kukana si mwano. "Pepani achimwene, akuphunzira, musamugwire." Galu amene akudziwa kuti mwini wake salola anthu kumuunjirira amadekha msanga, poti sakhalanso ndi ntchito yodziteteza yekha.

Mukakumana ndi galu woyendayenda, musalole kuti anunkhizane. Simukudziwa ngati anabayidwa. Tembenukani modekha, nenani "Tiye", ikani mpanda kapena galimoto yoima pakati pawo. Ndipo galu wamkazi akakhala pa nyengo yofuna amuna, imene imatenga pafupifupi milungu itatu, maulendo onse a pagulu aime.

Pali ena amene amaopa kuti galu akazolowera anthu asiya kulondera, mpaka amamutsekera mumdima kapena kumuzunza kuti aluse. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa zimabala galu wamantha amene amaluma mwana wa pakhomo pomwepo. Galu amasiyanitsa msewu ndi kwawo. Amene amayenda modekha masana adzauwabe usiku mlendo akagwira geti, ndipo ubwino wake ndi woti mukamuuza kuti asiye, amasiya.

Dzuwa la ku Mangochi

Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumatha kupitirira madigiri 35. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu, ndipo akatenthedwa sangaike maganizo pa phunziro. Tala ndi mchenga wa kugombe zimawotcha mapazi ake. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi kwa masekondi asanu. Mukalephera kupirira, iyenso sangapondepo. Phunzitsani m'mawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo litapendeka, ndipo nyamulani botolo la madzi ndi kambale. Mukaona lilime latuluka kwambiri, dovu likuyenderera, galu akudzandira, thamangirani naye pamthunzi, muthireni madzi ozizira bwino pamimba, m'khwapa ndi m'mapazi, kenako pitani naye kwa dokotala wa ziweto.

Zikavuta

Tsiku lina adzauwa ndi kulumpha ngakhale mwachita zonse bwino. Njinga yamoto idzatulukira pakona, kapena wina adzaliza hutala pafupi. Musakalipe, musakoke chingwe modzidzimutsa. Tembenukani, chokani naye mpaka pamene ayambirenso kulandira usipa, mufunseni chinthu chophweka monga "Khala", mulipireni, bwererani kunyumba. Mawa lake apume pakhomo, chifukwa thupi la galu amene wachita mantha kwambiri limatenga nthawi kuti likhazikike. Mkuja yambirani pa malo osavuta.

Galu akafika miyezi 6 mpaka chaka ndi theka, amalowa msinkhu wovuta. Amakhala ngati wayiwala zonse, amakoka, samva dzina. Ambiri amatayira pomwepa n'kumubwezera kuunyolo. Musatero. Bwererani pageti ndi pabwalo la mpira, onjezerani mphotho, nyengoyo imadutsa. Akakhazikika, yambani kuchepetsa usipa: m'malo amene wazolowera muzimulipira mwa apo ndi apo, koma kumalo atsopano thumba lidzaze monga poyamba.

Masiku ena ndi ongomusiya pakhomo: anamwali akamatuluka ku jando ndi nsondo misewu itadzaza ng'oma ndi nyimbo, tsiku la Eid, pa msonkhano wandale, ndi usiku wa makombola pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano. Mutsekereni malo ozizira, pali madzi ndi saka lake.

Galu amene analumapo kale munthu asapite pagulu popanda chotsekera pakamwa, chamtundu wonga kadengu chimene chimamulola kutsegula kamwa, kupuma ndi kumwa madzi. Muzolowetseni pakhomo poika usipa m'kati mwake kuti azilowetsa mphuno yekha, musanayambe kumanga zingwe zake. Ndipo ngati ngozi yachitika, wina walumidwa kapena kukandidwa mpaka khungu kung'ambika, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga kapepala ka katemera wa galuyo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, koma jakisoni wolandira msanga amateteza. Galuyo musamuphe kapena kumutaya. Mutsekereni, dziwitsani alangizi a ziweto, ndipo amuyang'anire kwa masiku khumi.